Ulendo wa kunyanja ya pamwamba pa phiri: yambani ndi nambala imodzi

Moni moni nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za nyanja zija za m'mapiri mumaziona pa Instagram, madzi ali phee, mapiri akuonekera m'madzimo. Musanayambe kupakira chikwama fufuzani kaye chinthu chimodzi basi: nyanjayo ili pamalo okwera mamita angati kuyerekeza ndi nyanja yamchere. Nambala imeneyo ndi imene ikuuzeni zonyamula.

[Pa sikirini: mapu]

Onani apa, Lake Tahoe ku America ili pa mamita 1,897, Titicaca ya ku Peru ndi Bolivia ili pa 3,812. Mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndiye munthu wanyamuka kumunsi thukuta lili kamukamu, akuti jekete ya chani, kufika kumwambako madzulo mano akungogundana. Itengeni. Chipewanso, dzuwa la kumeneko limapsereza khungu iwe ukumva kuzizira.

Pa madzi apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amapusira. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 15 ndiye wangodumphiramo, thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya wekha osafuna, kupuma kumathamanga, ndipo ngati mutu unali pansi pa madzi ndiye kuti wameza kale. Zimenezi ndi za mphindi yoyamba yeniyeniyo, kaya ndiwe katswiri wosambira zilibe kanthu. Lowani pang'onopang'ono, mukakwera bwato valani jekete yoyandamitsa ija, olo ikuwononge chithunzi.

Akumwa nawo, kuyera sikuti mulibe tizilombo ayi. Awiritseni mphindi imodzi, mukadutsa mamita 2,000 zikhale zitatu, poti kumwamba madzi amabwata asanatenthe mokwanira, pa mamita 3,000 amawira pa madigiri 90 okha.

Nthawi yoyenda mungaiwerengere bwanji? Pali kawerengedwe ka William Naismith wa ku Scotland ka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako onjezani ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Kopumira mulibemo umo, ndiye ngati muli ndi ana kapena anzanu aja oima pa mwala uliwonse kujambula, wonjezerani. Lawirirani, mvula ya mabingu kumapiri imakonda masana, ndipo mukamva bingu tulukani m'madzi pompo.

Mukapitirira mamita 2,500 wina n'kuyamba mutu, nseru, chizungulire, musamukakamize kuti limba mtima tatsala pang'ono. Imani pomwepo, zikakula tsikani naye.

Netiweki musaidalire, sungiranitu mapu mufoni, batire limathanso msanga kukazizira. Funsani ngati malowo amafuna chilolezo chomanga tenti kapena kukoleza moto, ndipo wina wotsala kunyumba adziwe njira yomwe mwadzera ndi ola lomwe mubwere. Vidiyo yotsatira tipakira chikwama limodzi.