Kumene Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inatembenukira

Zikomo a mfumu, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo, komanso inu ana asukulu mwakhala kutsogoloku. Mwezi wa Novembala ukafika timaona atsogoleri akuika nkhata za maluwa pachipilala cha asilikali ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo pawailesi amatiuza kuti tikumbukire amene anafera kunkhondo. Koma wina akatifunsa kuti nkhondoyo inayenda bwanji, ankapambana poyamba ndani, zinasinthira pati, ambirife timangoti Hitler anagonja, basi. Lero tiyende nayo nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Pamalo alionse amene nditchule, muzidzifunsa kuti asilikaliwo ankadya chiyani, mafuta a galimoto zawo ankachokera kuti, ndipo katunduyo ankayenda mtunda wautali bwanji kuti awapeze.

Pa 1 Seputembala 1939 Germany inalowa m'dziko la Poland, ndipo patangopita masiku awiri Britain ndi France analengeza nkhondo. Ife kuno tinali pansi pa Angelezi, choncho nkhondo yawo inasanduka yathu popanda wotifunsa. Zaka ziwiri zoyambirira Ajeremani ankangosesa. France, amene pa nkhondo yoyamba analimba zaka zinayi, mu 1940 anagwa m'masabata 6 okha. Asilikali a Britain ndi France pafupifupi 338,000 anathawitsidwa pa doko la Dunkirk, mizinga ndi galimoto atazisiya pagombe. Britain inapulumuka chifukwa cha nyanja, komanso chifukwa ndege zake, mothandizidwa ndi makina a radar oona adani akadali kutali, zinakaniza ndege za Germany kulamulira mlengalenga.

Nthawi yomweyo azigogo athu anali atayamba kale kumva kulira kwa zipolopolo. Italy inalowa nkhondo mu Juni 1940 ili kumbali ya Hitler, ndipo inali itagwira kale dziko la Ethiopia. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, komanso ku Tug Argan ku Somaliland, komwe anali limodzi ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment. Poyamba anabwerera m'mbuyo. Koma Ataliyana, ngakhale anali ochuluka, anali otsekeredwa: ngalande ya Suez inali m'manja mwa Angelezi, ndiye sitima zochokera kwawo sizikanatha kuwabweretsera mafuta, matayala kapena zipolopolo. Addis Ababa inagwa mu Epulo 1941, mfumu Haile Selassie inabwerera pa 5 Meyi, ndipo Gondar, malo omaliza, anagonja mu Novembala chaka chomwecho.

Pa 22 Juni 1941 Hitler anachita chimene chinadzamumaliza. Anatumiza asilikali oposa 3 miliyoni kukalanda Soviet Union, dziko la Arasha, akuganiza kuti pofika nyengo yozizira zonse zikhala zitatha. Pazithunzi timaona akasinja okhaokha, koma katundu wambiri wa gulu limeneli ankakokedwa ndi akavalo, oposa 600,000. Njanji za ku Russia zinali zotambalala kusiyana ndi za ku Germany, moti sitima za Ajeremani sizikanayendamo asanazikonze. Mvula itagwa misewu inasanduka matope, kenako kunabwera chisanu, zovala zotentha zisanafike. Anauona mzinda wa Moscow uli pafupi, koma pa 5 Disembala Arasha anawabweza. Pomwe izi zinkachitika, Arasha anali atazula mafakitale oposa 1,500, kuwakweza pasitima ndi kukawamanganso kum'mawa, kutali ndi mabomba.

Patangopita masiku awiri, pa 7 Disembala, Japan inaphulitsa sitima za America ku Pearl Harbor. Chifukwa chake chinalinso mafuta. America inali itasiya kugulitsa mafuta ku Japan chifukwa cha nkhondo imene Ajapani ankachita ku China ndi ku Indochina, ndipo Japan inaganiza zokalanda zitsime za ku dziko lomwe lero ndi Indonesia. Kwa miyezi 6 Ajapani nawonso anasesa. Singapore inagwa mu Febuluwale 1942, asilikali pafupifupi 80,000 a mbali ya Britain n'kugwidwa ukapolo. Kenako Burma inatsatira.

Ndiye chaka cha 1942 chigwireni bwino, chifukwa ndi mmene mphepo inasinthira, panyanja, m'chipululu ndi mumzinda.

Panyanja kunali ku Midway, kachilumba kakang'ono pakati pa Pacific. Aamerika anali ataphunzira kuwerenga mauthenga achinsinsi a Ajapani, ndiye anawabisalira. Pakati pa 4 ndi 7 Juni, Japan inataya sitima zinayi zikuluzikulu zonyamula ndege, America n'kutaya imodzi, Yorktown. Kuwawa kwake kunali kwakuti America ikanatha kumanga zina zambiri, pamene Japan sikanatha kubwezeretsa msanga sitimazo ndi amisiri amene anamira nazo.

M'chipululu kunali ku El Alamein, m'dziko la Egypt. Rommel, mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, anali katswiri, ndipo ngakhale adani ake ankavomereza. Koma ankati akasendera kufupi ndi Suez, madoko ake aakulu a Tripoli ndi Benghazi ankatsalira kutali, moti malole ankawotcha gawo lalikulu la mafuta omwe ananyamulawo ali panjira. Sitima zina zamafuta zinkamizidwa zisanaoloke n'komwe nyanja ya Mediterranean. Montgomery, mkulu wa asilikali a Britain kumeneko, anadikira mpaka atasonkhanitsa asilikali ndi akasinja pafupifupi kuwirikiza kawiri a Rommel, n'kuyamba kuwomba pa 23 Okutobala. Pofika pa 4 Novembala Rommel anali akuthawa. Mu Meyi 1943 Ajeremani ndi Ataliyana pafupifupi 250,000 anagonja ku Tunisia, ndipo nkhondo inachoka mu Africa.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa Stalingrad. Chaka chimenecho Hitler ankafuna zitsime za mafuta za ku Caucasus: Maikop, Grozny ndi Baku. Stalingrad unali mzinda wa mafakitale wa ku Soviet Union, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, ndipo cholinga choyamba chinali kungotseka mtsinjewo. Koma mzindawo unali ndi dzina la Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, ndiye atsogoleri awiriwa anaumirirana. Ndege za Germany zinaugumula mu Ogasiti, osadziwa kuti mabwinjawo ndi amene adzakhale malinga a Arasha. Mkulu wa asilikali oteteza mzindawo, Chuikov, analamula anyamata ake kuti azikhala pafupi kwambiri ndi adani, kuti ndege za Germany ziziopa kuponya mabomba pa anthu awo omwe. Ankalimbirana nyumba imodzi kwa masabata, ena ali m'chipinda chapansi, ena cham'mwamba. Usiku mabwato ankaoloka Volga kubweretsa asilikali atsopano ndi zipolopolo, pobwerera n'kutenga ovulala.

Pomwe maso onse a Ajeremani anali mumzinda, akuluakulu a asilikali a Arasha, Zhukov ndi Vasilevsky, ankasonkhanitsa mwakachetechete gulu lalikulu kumpoto ndi kummwera. M'mbali mwa Ajeremani munali asilikali a ku Romania, omwe analibe mizinga yokwanira yophwanyira akasinja. Pa 19 Novembala Arasha anaboola pamenepo, ndipo pa 23 magulu awo awiri anakumana pafupi ndi Kalach. Asilikali a mbali ya Germany oposa 250,000, pamodzi ndi mkulu wawo Paulus, anapezeka ali mkati mwa mpanda.

Apa ndi pamene bodza la munthu mmodzi linapha anthu ambirimbiri. Göring, mkulu wa ndege za Germany, analonjeza Hitler kuti adzawadyetsa ndi ndege. Gululo linkafunika matani osachepera 300 pa tsiku kuti lingokhala ndi moyo, koma zomwe zinkafika tsiku ndi tsiku zinali pafupifupi matani 100 okha. Hitler anawaletsa kuthawa nthawi ikadalipo. Anadya akavalo awo mpaka kutha. Pa 30 Januwale 1943 Hitler anakweza Paulus paudindo wapamwamba wa usilikali wa field marshal, poyembekeza kuti munthu waudindo wotere adzadzipha osati kugwidwa. M'mawa mwake Paulus anadzipereka, ndipo pa 2 Febuluwale otsala onse anagonja. Anagwidwa pafupifupi 91,000, koma amene anadzaonanso kwawo anali pafupifupi 6,000 okha. Mu Julayi chaka chomwecho Ajeremani anayesanso ku Kursk ndi akasinja ambirimbiri, analephera, ndipo kuchokera pamenepo ulendo wawo unali wobwerera m'mbuyo mpaka ku Berlin.

Ana asukulu, m'makanema mumaona kwambiri za Normandy, pamene asilikali pafupifupi 156,000 a America, Britain ndi Canada anatsikira pagombe la France pa 6 Juni 1944. Linali tsiku lalikulu, sindikukana. Koma dziwani kuti pa asilikali anayi alionse a Germany amene anafa pa nkhondoyi, atatu anafera kum'mawa, m'manja mwa Arasha, ndipo Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni. Komanso Normandy sikanatheka nyanja ya Atlantic isanatseguke. Sitima zapansi pamadzi za Germany zinkamiza zombo zobweretsa tirigu, mafuta ndi zida ku Britain, mpaka mu Meyi 1943 pamene zoposa 40 zinamizidwa m'mwezi umodzi, mkulu wawo Dönitz n'kuzibweza. Arasha nawo, pothamangitsa Ajeremani mu 1944, ankakwera malole ochokera ku America, chifukwa America inawatumizira galimoto pafupifupi 400,000.

Ndipo nkhani ya chakudyayi sinagwere asilikali okha. Ajeremani anazinga mzinda wa Leningrad kwa masiku pafupifupi 900, anthu wamba mazana a zikwi n'kufa ndi njala. Ku Bengal, m'dziko la India lomwe linali pansi pa Angelezi monga ife, njala ya 1943 inapha anthu pafupifupi 3 miliyoni, mpunga wa ku Burma utasiya kubwera, boma n'kuika zosowa za nkhondo patsogolo. Ndipo kuseri kwa mizere ya nkhondo, boma la Hitler linapha mwadala Ayuda 6 miliyoni. Tikamakamba za akasinja ndi akuluakulu a nkhondo, anthu amenewa tisawasiye kunja.

Tsopano tipite ku Burma, dzina limene m'midzi yathu yambiri limadziwika chifukwa cha agogo ena amene anapitako. Mu Malichi 1944 mkulu wa Ajapani, Mutaguchi, anaolotsa asilikali pafupifupi 85,000 mtsinje wa Chindwin kuti akalowe mu India. Anawapatsa kamba wa masabata atatu okha ndi ng'ombe zoti azikusa panjira, akuwerengera kuti akadya za m'nkhokwe za Angelezi ku Imphal ndi ku Dimapur. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ku Kohima asilikali ochepa a India ndi Britain anakanirira pakaphiri, mpaka adani awiriwa ankaponyerana mabomba apamanja modutsa bwalo la tenisi la bwanamkubwa wa boma. Imphal inazingidwa, koma mkulu wa Angelezi, Slim, anali ndi ndege zokwanira, ndipo chimene Göring analephera ku Stalingrad apa chinatheka: chakudya, zipolopolo ngakhale asilikali atsopano ankabwera ndi ndege. Mvula itayamba, Ajapani analibe choika kukamwa. Mu Julayi anabwerera, oposa 50,000 atafa kapena kuvulala, ambiri chifukwa cha njala, malungo ndi kamwazi.

Amene anapatsidwa ntchito yowalondola m'chigwa cha Kabaw anali gulu la 11th East African Division, momwe munali anyamata a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Ena mwa iwo anali atamenya kale nkhondo ku Ethiopia. Nyengo ya mvula ku Burma magulu ankhondo ankaima kudikira kuti kuume, koma iwowa anauzidwa kuti apitirire. Chigwa chimenecho chinali chodziwika ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire. Misewu inakokoloka, galimoto zinatitimira, ndiye katundu ankamusenza pamutu, wina n'kumaponyedwa kuchokera m'ndege. Ankadula mitengo n'kuyala pamatope kuti padutse galimoto, uku akumenyana ndi Ajapani amene anakumba maenje m'mapiri a m'mbali mwa njira. Anayenda chotero kuyambira Ogasiti, ndipo kumayambiriro kwa Disembala 1944 analanda Kalewa, m'mbali mwa Chindwin. Pamenepo ndi pamene anamanga mlatho woyandama umene magulu a Slim anaolokera, n'kukalanda Mandalay mu Malichi 1945 ndi Rangoon mu Meyi.

Mathero ake ambiri mukuwadziwa. Arasha analowa mu Berlin, Hitler anadzipha pa 30 Epulo 1945, ndipo Germany inagonja pa 8 Meyi. Japan inali itatsala yopanda mafuta, chifukwa sitima zapansi pamadzi za America zinali zitamiza zombo zake zambiri zamalonda, komabe atsogoleri ake ankakana kugonja. Pa 6 ndi pa 9 Ogasiti America inaponya mabomba a atomiki ku Hiroshima ndi ku Nagasaki, Soviet Union nayo inalowa ku Manchuria, ndipo pa 15 Ogasiti mfumu ya Japan inalengeza pawailesi kuti nkhondo yatha. Anasainirana pa 2 Seputembala. Anyamata athu ambiri anadikirabe miyezi ingapo kuti papezeke sitima zowabweza kwawo. A mfumu, ngati alipo pano amene kwawo kuli mendulo kapena kabuku ka usilikali ka agogo awo, ndipemphe kuti ayambe ndi iwowo kulankhula, atiuze dzina ndi kumene anapita.