Makalata a Omvera: Onyamula Denga ndi Ongoligwira

Takulandirani omvera athu nonse, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, ndi inu amene muli m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Mwa makalata amene afika sabata ino ndasankhapo atatu okhudza mmene munthu amasinthira akakhala pagulu, nkhani imene akatswiri amaifufuza m'phunziro lotchedwa social psychology.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Malindi. Iwo akuti: "Ndili ndi khoka. Alovi anga akakhala ochepa amakoka mpaka thukuta kamukamu, koma anyamata ena akabwera kudzathandiza kuti apezeko ndiwo, chingwe chimadzaza manja koma khoka silifulumira kufika kumtunda. Kodi ndi ulesi, kapena pali amene akundichita chipongwe?"

Bambo, musakayikire munthu aliyense, chifukwa zimenezi zinaonedwa kale ndi Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1913. Iye anayeza mphamvu za anthu okoka chingwe, ndipo anapeza kuti gulu likamakula mphamvu ya munthu aliyense imatsika, moti pagulu la anthu 8 aliyense ankatulutsa pafupifupi theka chabe la mphamvu imene ankatulutsa ali yekha. Mbali ina n'chifukwa chakuti anthu ambiri sakokera pamodzi, ndipo nyimbo imene alovi amaimba pokoka imathandiza pamenepo. Mbali ina n'chifukwa chakuti munthu akadziwa kuti khama lake silioneka, amafewetsa mkono ngakhale iye mwini asakuzindikira. Makolo ananena zoona kuti mutu umodzi susenza denga, koma amene anakwezapo denga la nkhokwe akudziwa kuti pamakhala onyamula ndi ena ongoligwira. Agaweni alovi anu m'timagulu ting'onoting'ono, aliyense akhale ndi malo ake odziwika pachingwe.

Kalata yachiwiri ndi imene yandikhudza kwambiri, ndipo ndiiwerenga pang'onopang'ono. Yachokera kwa mayi wogulitsa tomato pa Mangochi boma. "Mwezi watha mtsikana wina anagwa pafupi ndi pamene ndimagulitsira n'kuyamba kuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Tinamuzungulira anthu ambirimbiri, a kabaza anaima, ena anatulutsa mafoni n'kumajambula, koma palibe amene anawerama. Inenso ndinangoima, manja ali m'chitenje, mpaka gogo wina anadutsa pakati pathu n'kuika mpango wake pansi pa mutu wa mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo sindigona bwino. Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimapemphera. Kodi mtima wanga unauma liti?"

Mayi, mtima wouma sukanalemba kalata imeneyi. Chimene chinakugwirani miyendo chinafufuzidwa ndi John Darley ndi Bibb Latané, pambuyo pa kuphedwa kwa mayi wina dzina lake Kitty Genovese mumzinda wa New York mu 1964. Nyuzipepala zinalemba kuti anthu 38 anaona koma sanachitepo kanthu. Patapita zaka zinadziwika kuti nkhaniyo inakokomezedwa, komabe funso limene inadzutsa linali lenileni. Mu 1968 akatswiri awiriwa anaika ophunzira m'zipinda, aliyense payekha, akulankhulana kudzera pa makina, kenako anawamvetsera mawu a munthu amene ankamveka ngati wagwidwa ndi matenda akugwa. Mwa amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamanga kukanena, koma mwa amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi amene akumvanso, anali 31 okha pa 100 alionse.

Zifukwa zake si zachilendo kwa aliyense amene anaimapo pamsika. Udindo ukagawidwa kwa anthu makumi atatu, gawo la munthu mmodzi limachepa mpaka kusamveka kulemera kwake, ndipo aliyense amati mwina pali wachibale, mwina wina waitana kale galimoto. Komanso zinthu zikachitika mwadzidzidzi timayang'ana nkhope za anzathu kuti tidziwe ngati ndi zoopsadi, osadziwa kuti nawonso akuyang'ana nkhope yathu, ndipo bata la aliyense limanamiza mnzake. Onjezeranipo mantha ochita manyazi pamaso pa anthu, ndi chikhulupiriro chimene chidakalipo chakuti matenda akugwa amapatsirana. Ndinene pano momveka kuti sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu. Chofunika ndi kuteteza mutu wa wodwalayo, kusamuika kanthu m'kamwa, ndi kumugoneka chammbali kuphiriphitha kukatha.

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti khamu ndi loipa nthawi zonse. Katswiri wina, Richard Philpot, ndi anzake anaonera makanema a makamera a m'misewu ya m'mizinda ya Amsterdam ku Netherlands, Lancaster ku England ndi Cape Town ku South Africa, ndipo mu 2019 anafalitsa zoti pa mikangano 9 mwa 10 iliyonse panapezeka munthu woleretsa. Gogo wanu uja amapezeka kawirikawiri, ngakhale kuti nthawi zina amachedwa. Tsiku lina zikadzachitikanso, musadzafuule kuti "thandizani", chifukwa mawu amenewo amagwera aliyense ndipo satoledwa ndi munthu. Mudzaloze mmodzi: "Achimwene a malaya ofiira, bweretsani njinga yanu, inu asisi, ndigwirireni mutu uwu." Munthu wolozedwa chala savuta kusuntha.

Yomaliza yachokera ku Namwera, kwa mayi wa m'gulu la banki m'khonde. "Tinabwereketsa ndalama zambiri kwa membala amene ndinkadziwa kuti ali kale ndi ngongole kwina. Apampando atafunsa, manja onse anakwera, langanso linakwera. Lero sakubweza, ndipo anzanga atatu andiuza kumbali kuti nawonso ankadziwa."

Mayi, chiganizo chanu chomalizacho ndiye mutu wa nkhani. Katswiri wina, Solomon Asch, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 1951, ankaonetsa gulu la anthu mzere umodzi ndi mizere ina itatu, n'kufunsa kuti wofanana nawo kutalika ndi uti. Yankho linali loonekeratu, koma onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapanganiratu kupereka yankho lolakwika mokweza. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, akuona ndi maso awo kuti n'zabodza. Amenewo anali alendo okhaokha, okangana za mizere ya papepala. Nanga inu, amene mumakumana ndi wobwerekayo pamjigo, pamaliro ndi pachinkhoswe? Ine sindikudabwa kuti dzanja lanu linakwera.

Koma Asch anapezanso kuti pakakhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira gulu kunkatsika kwambiri, ndiponso kuti anthu akapatsidwa mwayi wolemba yankho mwachinsinsi nthawi zambiri ankanena zimene akuona. Inu munali anayi, koma aliyense ankadziyesa kuti ali yekha. Choncho pamsonkhano ukubwerawu mupemphe kuti ngongole zikuluzikulu zizivomerezedwa mwachinsinsi, wopemphayo atatuluka panja: aliyense aziponya m'chitini chovundikira njere ya chimanga ngati wavomera, kapena ya nyemba ngati wakana, ndipo apampando aziponya pomalizira. Musanapite kumeneko kambiranani ndi anzanu atatu aja, kuti mukadzaimirira pakhale wina wonena kuti nayenso akugwirizana nazo. Mudzatilemberenso, mayi, kuti timve kuti m'chitinimo munapezeka nyemba zingati.