Voisi noti kwa alamu anga, za ulendo wa ku Summer Palace

Halo alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Beijing? Ndamva kuti msonkhano ukutha Lachisanu ndiye Loweruka muli mfulu eti, ndiye ndati ndingojambula mawu, kutaipa kundichedwetsa. Za ku Summer Palace zija mumafunsa, nyumba ndi munda wa mafumu akale a ku China. Tamverani bwinobwino chifukwa malo aja ndi aakulu zedi, pafupifupi masikweya kilomita 3, ndipo nkhani yonse yagona pa geti lomwe mwalowera basi.

Choyamba pasipoti musaisiye ku hotelo, tikiti imayendera imeneyo. Auzeni apa risepushoni akuthandizeni kubukitsa pa WeChat, apu ya pafoni ya kumeneko, Lachisanu lomwelo. Tikiti zilipo za mitundu iwiri, yongolowera pageti ndi 30 yuan kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ina yophatikiza zonse ndi 60. Tengani ya 60 alamu, musaumire apa ayi, chifukwa mkatimo muli malo ena olipiritsa paokha ndiye muzingopisa m'thumba pakhomo lililonse.

Takisi isiyeni, muthera nthawi pamzere wa magalimoto. Kwerani sitima yapansi ija, Line 4, yolowera ku Anheqiao North, mukatsikire pa Beigongmen, pafupi ndi geti lakumpoto. Ndabwereza, Beigongmen. Musanafike mudutsa siteshoni ya Yuanmingyuan Park, musatsike pamenepo, kumeneko ndi ku nyumba yachifumu inanso imene asilikali a Britain ndi France anaotcha mu 1860, kunatsala mabwinja okhaokha. Inu khalani phee, mudutse Xiyuan, yotsatirayo ndi yanu. Mufike cha m'ma 7 koloko mabasi a alendo asanayambe kukhuthula anthu.

Nde chifukwa chomwe ndikukakamira geti lakumpotoli ndi phiri. Mukangolowa muwoloka kamlatho, pansi pake muona timashopu m'mbali mwa madzi, ndi Suzhou Street imeneyo, jambulani muli pamwamba pomwepo muzipita, sizofunika kutsikako. Kenako muyamba kukwera Longevity Hill chakumbuyo kwake mphamvu zikadalipo, kukadali kozizira. Anzanu olowera kum'mawa amafika patsinde pa phirilo dzuwa lili paliwombo atatopa kale, nkuyamba masitepe aja, ena amangoyang'ana m'mwamba nkubwerera. Inu masitepe amenewo mukhala mukutsika.

Pamwamba pali kachisi wa matailosi achikasu ndi obiriwira, khoma lonse tizifanizo ta Buddha ting'onoting'ono, yandikirani mutione. Mukatsika pang'ono mufika pa nsanja yaikulu ija imaoneka pa zithunzi zonse, Foxiangge, yotalika mamita 41. Pamenepo imani kaye, musathamange. Nyanja yonse ya Kunming ili pansi panu, ndipo nyanja imeneyo anthu anachita kukumba kuti ikule chonchi, dothi lake nkuunjika paphiri mwaimapolo. Anayambitsa ndi mfumu Qianlong mu 1750, ati mphatso ya amayi ake pokwanitsa zaka 60. Ife amayi tikawagulira chitenje ndi shuga timayenda monyada.

Mukafika pansi mupeza khonde lalitali lija, mamita 728, lofolera lonse. Khoterani kumanja nyanja ikhale kumanzere kwanu. Muziyenda mukuyang'ana kudenga, pa mitanda ponse anajambulapo, zithunzi zoposa 14,000, mbalame, maluwa, ankhondo ali pa akavalo, nthano zawo zakale. Koma samalani, aliyense maso ali m'mwamba ndiye kugundana nkosayamba.

Kumapeto kwake kuli boti lamiyala, mamita 36, silinayendepo ndi tsiku limodzi lomwe. Malo onsewa nawonso anaotchedwa mu 1860 muja, amene anadzamanganso ndi mayi Cixi, mayi wolimba mtima amene ankayendetsa dziko mafumu ali ana, ndipo dzina lake lachitchaina loti Yiheyuan linabwera mu 1888. Ndalama zina anapatutsa za asilikali apamadzi, boti ili nkulikonzanso mu 1893, chaka chotsatira nkhondo ndi Japan inayamba ndipo zombo za China zinagonja. Ine ndikaliona limandipsetsa mtima pang'ono, kukongola lakongola koma mmm. Liyang'anitsitseni bwino, chapamwambacho ndi matabwa anangopenta kuti azioneka ngati mwala.

Apa tsopano musayerekeze kuzungulira nyanja wapansi, mutha maola. Pafupi pomwepo pali maboti owolotsa anthu, amalipiritsa padera, kwerani lopita ku chilumba cha Nanhu. Kuchoka pachilumbapo muwoloke mlatho wa mabowo 17, mamita 150, m'mbali monse muli timikango tamiyala toposa 500, tina tabereka ana kumsana tina tikusewera. Kutsidyako muona ng'ombe yamkuwa yagona ikuyang'ana madzi, anaiika kuti izitchinjiriza madzi osefukira, mwa chikhulupiriro chawo.

Ndiye tsatani gombe kulowera kumpoto. Pali nyumba ina anthu ambiri amangoidutsa, Yulantang, inu lowani pabwalo pake. Mmenemo ndi mmene Cixi ankatsekera mfumu Guangxu, mwana wa mng'ono wake weniweni, atayesa kusintha kayendetsedwe ka boma mu 1898. Suzumirani m'nyumba zam'mbalizo, kuseri kwa chitseko muona khoma la njerwa anamanga kuti munthu asatulukire kwina. Mfumu yathunthu, nyanja ili pakhomo, koma kotuluka kulibe. Ikakhalapo nthawi dutsaninso ku Deheyuan mukaone siteji ya zisudzo yansanjika zitatu, tikiti yanu ija ikulowetsani. Mukatero tulukirani geti lakum'mawa, muyende pang'ono mukakwere sitima pa Xiyuan.

Zonsezi maola 4 kapena 5 zatheka. Valani nsapato zofewa osati zamsonkhano zija, tengani botolo la madzi, pawa banki, ndi tishu m'thumba chifukwa m'zimbudzi zambiri simupezamo. Chakudya chamkatimo nchodula komanso sichikoma kwenikweni, bola mudye kaye ku hotelo mutengeko ka buledi kapena nthochi. Ena akupemphani kuti ajambulitse nanu, makamaka agogo ochokera kumidzi, mukafuna vomerani mukatopa ingogwedezani mutu muzipita. O, ndipo zikasintha musasankhe Lolemba, nsanja ija ndi malo ena amkati amatseka. Chabwino alamu, mukafika pa Beigongmen mundiflashe, achemwali ndawauza kale kuti adikire zithunzi.