Ndalama zodulidwa pa pay slip ku Joni: za yuniyoni ndi ziti?

Moni abale anga a ku Joni, ku Durban, ku Cape Town, ndi inu mukudikira basi kuno. Lero ndikulankhula kuchokera kwathu ku Lilongwe, ndipo mtima wandiwawa. Dzulo pa depoti watsika mnyamata wina, pay slip ili m'manja, akuti bwana ankamubera. Anakangana, ntchito inatha. Ndalama zomwe ankalirirazo zinali agency fee. Kumeneko si kuba ayi.

Tamverani. Lamulo la ntchito la ku South Africa, Labour Relations Act ya 1995, limalola yuniyoni yomwe ili ndi antchito oposa theka pamalopo kugwirizana ndi kampani kuti ngakhale amene sanalowe azilipira, poti malipiro akakwera amakwerera onse. Imeneyo ndiyo agency shop, ndime 25. Bwana amadula osakufunsa, koma sangadule kuposa zomwe membala amapereka. Chopereka cha membala ndi china: chimafuna kuti usaine wekha, ndipo ukafuna kusiya umalemba kalata, notisi ya mwezi umodzi. UIF, inshuwalansi ya boma yothandiza ntchito ikatha, ndi inanso, 1 peresenti yako, 1 peresenti ya bwana. Musazisakanize.

Closed shop, ndime 26, ndiyo yokakamiza kulowa yuniyoni. Imayamba pokhapokha antchito atavota, awiri mwa atatu alionse ovota atavomera. Amene unalipo kale panganolo lisanayambe sangakuchotse ntchito chifukwa chokana kulowa, koma agency fee angakudule.

Ndiye ena mumati, ife sitivota kuno, tilipirirenji zandale za eni dziko? Funso labwino. COSATU, mgwirizano wa mayuniyoni womwe unayamba mu 1985, ndi mnzake wa chipani cha ANC, aliyense akudziwa. Koma agency fee imasungidwa mu akaunti yakeyake, ndipo lamulo likuletsa kuipereka ku chipani kapena kwa wopikisana pa chisankho. Ndi yothandizira antchito basi. Ngati chikumbumtima chako chikukana, ukhoza kupempha kuti ndalamayo ipite ku thumba loyendetsedwa ndi unduna wa zantchito.

Ife Amalawi khama tili nalo, mabwana amatifunafuna, koma timaopa kufunsa. Randi iliyonse yodulidwa ikuchepetsa ndalama ya thumba la feteleza lomwe mayi akudikira kumudzi, ndiye funsani! Pitani kwa shop steward, woimira yuniyoni pantchito panu, muuzeni akuonetseni pangano la agency shop lija. Ngati kulibe pangano ndipo simunasaine kalikonse, pamenepo mlandu ulipo.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi ichi. Ukachotsedwa ntchito uli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, fomu 7.11, ndipo salipiritsa. Ngakhale mapepala ako atatha, khoti la ntchito linagamula mu 2008 kuti ndiwebe wantchito. Mnyamata uja anakhala miyezi iwiri akubisala m'chipinda asanabwere kuno. Tsopano ayenera kupempha kaye kuti amulandire mochedwa, afotokoze chomwe chinamuchedwetsa, ali kuno ku Kawale.