Digiri m'chikwama, mphika uli gwa: filimu ya Chitamil ya mu 1980

[Pa sikirini: chitseko cha khitchini chotsekedwa, mbale zikumveka kugundana]

Tamverani phokosolo. Mbale zikulira, chikombe chikukanda mphika, wina akuuza mnzake kuti aonjezere ndiwo. Mtsikana amene wabwera kudzacheza wakhala panja, akudikira kuti anyamatawo amalize kudya. Koma mkatimo mulibe ngakhale njere imodzi ya mpunga. Anyamata atatu akungomenyetsa ziwiya zopanda kanthu, kuopa kuti mlendo angadziwe kuti amagona ndi njala.

Takulandirani. Lero tili ku India, ndipo filimu yathu ndi Varumayin Niram Sivappu, dzina lomwe m'Chitamil, chilankhulo cha kumwera kwa India, likutanthauza kuti mtundu wa umphawi ndi wofiira. Inatuluka mu Novembala 1980, nthawi ya chikondwerero cha Deepavali. Anailemba ndi kuitsogolera ndi K. Balachander, nyimbo zake anapeka ndi M. S. Viswanathan, ndipo akuluakulu a sewero ndi Kamal Haasan ndi Sridevi.

[Pa sikirini: misewu ya Delhi]

Kamal Haasan akusewera ngati Rangan, mnyamata wa kumwera kwa India amene ali ndi digiri yachiwiri ya filosofi. Bambo ake ndi katswiri woimba nyimbo zachikhalidwe za Carnatic, ndipo awiriwa samwerana madzi. Rangan anachoka pakhomo atagulitsa tambura ya bambo akewo, chida cha zingwe chomwe woimba sangakhale nacho patali, kuti apeze ya sitima yopita ku Delhi. Kumeneko ndi kutali, makilomita oposa 2,000 kuchokera ku Madras, mzinda waukulu wa Atamil womwe lero ndi Chennai, ndipo mumsewu anthu amalankhula Chihindi. Ndiye muone: mlendo, wosauka, wophunzira, m'kachipinda kamodzi ndi anzake awiri osowa ntchito ngati iye.

Tsono vuto la Rangan si ulova wokha ayi. Munthuyu sanama, sanyengerera bwana, sagwada. Pakamwa pake sipachoka ndakatulo za Subramania Bharati, mlakatuli wa Chitamil amene anamwalira mu 1921 ndipo ankalemba zolimbikitsa ufulu wa India ndi kudzudzula tsankho la mitundu. Akapita ku intavyu n'kufunsidwa mafunso osagwirizana n'komwe ndi ntchitoyo, mtima umamuphulika, mpaka anang'amba masatifiketi ake. Ntchito zing'onozing'ono zomwe amapeza sakhalitsapo, chifukwa akaona chachinyengo amalankhula pomwepo.

Apa ndi pomwe ine ndimaikonda filimuyi. Balachander sanatipatse woyera mtima woti tizingomuombera m'manja. Nthawi zina Rangan amakutopetsa. Umafuna kumugwira paphewa n'kumuuza kuti, achimwene, ingokhalani chete lero lokha, mudye kaye. Ndiye filimu imakuonetsa mtengo wa khalidwe lakelo pafupi penipeni: mnyamata wa digiri ziwiri akutola apozi lomwe lagwera m'matope, n'kulitsuka kuti adye. Palibe mawu ambiri pamenepo. Kamera ingomuyang'ana basi.

[Pa sikirini: Sridevi]

Mlendo uja wa pakhomo ndi Devi, yemwe akuseweredwa ndi Sridevi, mtsikana wochita zisudzo za pa siteji, nayenso wovutika. Atazindikira kuti miphika ili gwa, anatulutsa ndalama zake n'kuwagulira chakudya. Ali pafupi kuti ayambe kudya, uthenga unafika woti agogo ake a Devi amwalira, chakudya chija n'kutsala osachikhudza. Balachander ndi wotero: amakusekesa kaye, kenako n'kukulanda mbale m'manja.

Pali nkhani ina ya mkulu wotsogolera zisudzo, yemwe akuseweredwa ndi Pratap Pothen, amene amamufuna Devi mwankhanza. Kunena zoona mbali imeneyi ndi yofooka poyerekeza ndi nkhani ya njala, tingoidutsa. Koma nyimbo ya Sippi Irukkuthu, pomwe Devi amang'ung'udza kayimbidwe ndipo Rangan amaikamo mawu nthawi yomweyo, imeneyo ikafufuzeni. Mawu ake analemba ndi mlakatuli Kannadasan, ndipo Atamil amaiimbabe mpaka lero.

N'chifukwa chiyani nkhani ya ulova inagwira mitima chonchi? Mbadwo wa Rangan unabadwa India italandira kale ufulu mu 1947. Anauzidwa kuti sukulu ndiye khomo, makoleji anachuluka, koma ntchito za m'maofesi, zomwe zambiri zinali za boma, sizinachuluke mofanana. Umboni woti nkhaniyi inali pakamwa pa aliyense ndi uwu: pa Deepavali yomweyo panatulukanso filimu ina, Nizhalgal, yotsogoleredwa ndi Bharathiraja, nayonso yokamba za achinyamata ophunzira osowa pogwira. Filimu ya Balachander inatulukanso m'Chitelugu, chilankhulo china cha kumwera kwa India, mu 1981 ndi dzina loti Aakali Rajyam, kenako m'Chihindi mu 1983 ngati Zara Si Zindagi, ndipo konseko Kamal Haasan ndi amene anasewera mnyamatayo.

[Pa sikirini: lumo ndi galasi la mometera]

Amene simunaionere, chenjerani, ndikuulula mathero.

Rangan sapeza ntchito ya mu ofesi. Amakhala wometa anthu. Kuti mumvetse kulemera kwake, kumbukirani kuti ku India ntchito yometa kuyambira kale inkagwiridwa ndi mtundu wake wa anthu, omwe ankaonedwa ngati apansi, moti mwana wa woimba wolemekezeka sankayembekezeka kugwira lumo pachibwano cha munthu. Rangan anasankha imeneyo chifukwa pamenepo sayenera kunamiza aliyense: wameta, walandira yake, wapita.

Tsiku lina pampando wometera panakhala kasitomala wachikulire wochokera kumwera, amene anabwera ku Delhi kufunafuna mwana wake. Rangan anayang'ana pagalasi, n'kuona nkhope ya mwini tambura ija.