Botolo laling'ono lomwe ndinaliona ku London

Moni nonse kumudzi, komanso inu anzanga a kuno ku Britain amene mukundimvera muli m'basi, maso ali psuu pochokera ku ntchito ya usiku. Sabata ino ndagwira mausiku anayi kunyumba yosamalira okalamba. Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndinakana kungogona, ndinapita ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London. Kulowa n'kwaulere, pitani mukaone.

Anthu anali ataunjikana pa Portland Vase, mtsuko wagalasi wabuluu modera wokhala ndi zithunzi zoyera. Munthu wina ataledzera anauswa m'chaka cha 1845, akatswiri n'kuulumikizanso. Ndi wokongoladi. Koma ine chimene chinandiimitsa ndi kabotolo kagalasi ka mafuta onunkhira ka m'nthawi ya Aroma, kakang'ono ngati chala changa chapakati, khosi lake lopendekeka pang'ono. Nditayandikira ndinaona timathovu ta mpweya tili m'kati mwa galasilo mpaka lero.

Mukudziwa kuti ankapanga bwanji? Ankasakaniza mchenga ndi natron, mchere wina wokumbidwa ku Wadi Natrun ku Egypt. Natron ameneyu ndi pachibale ndi soda amene amayi amathira m'thelere. Ankazisungunula m'ng'anjo zikuluzikulu ku Egypt ndi m'mphepete mwa nyanja ku Syria ndi Palestine, kenako zibuma zagalasizo ankaziswa n'kuzikweza m'zombo kupita kwa amisiri akutali. Mtundu wobiriwira wa magalasi ambiri otere umachokera ku chitsulo chimene chimakhala mumchenga.

Cha m'ma 50 Yesu asanabadwe, amisiri a ku Syria ndi Palestine anatulukira zouzira. Mmisiri amatapa galasi lamoto kunsonga kwa paipi, amauzira kwinaku akupotokola, galasilo n'kumafufuma ngati chibaluni. Likayamba kuuma amalibwezera pamoto. Ntchito yomwe inkadya masiku inayamba kutha m'kanthawi kochepa, mpaka osauka omwe anayamba kumwera m'magalasi. Losweka sankataya, ankalitola n'kulisungunulanso, ngakhale muno mu London, umene Aroma ankautcha Londinium.

Abale, ndinakumbuka agogo anga akazi akuumba mbiya kuseri kwa nyumba, chala chawo chikusiya chizindikiro padongo lonyowa. Amene anauzira kabotolo aka dzina lake silinalembedwe paliponse, koma khosi lopendekekalo ndi dzanja lake. Ndinakajambula n'kutumiza kwa achemwali anga pa WhatsApp, iwo n'kundiyankha kuti mbiya imodzi ya agogo ikadalipo, akusungiramo nyemba.