Kadzidzi wa ku Athens: kuumba makobidi akale pakhomo popanda ngozi

[Pakhonde ku Kawale. Kamera iyandikire chikhatho.]

Muli bwanji owonera athu? Taonani kakobidi aka. Mbali iyi kuli mutu wa Athena, mulungu wamkazi wa Agiriki, kuseri kuli kadzidzi wotong'ola maso ndi kanthambi ka azitona. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga timati malodza, koma Agiriki a ku Athens, zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, ankamudinda pa ndalama yawo yasiliva yotchedwa tetradrachm, yolemera pafupifupi magalamu 17. Kanga aka ndi ka dongo, ndaumba ndekha.

Eniakewo ankadinda. Ankayika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi hamala. Nafenso tichita chimodzimodzi, koma ndi dongo.

Tengani zidutswa ziwiri za sopo wochapira wouma bwino. Gobani chithunzicho ndi msomali, Athena pa chidutswa china, kadzidzi pa chinacho, mozondotsa ngati pagalasi, apo ayi zilembo zidzatuluka chagada. Bulungizani dongo losefa bwino kukula ngati nsawawa ziwiri, pakani timafuta pang'ono pa sopopo, ikani dongolo pakati pa zidutswa ziwirizo n'kupanikiza. M'mbali mukapindika musawongole. Zakalezo sizinkakhala zozungulira ndendende. Yanikani pamthunzi masiku atatu, chifukwa padzuwa dongo limang'aluka, kenako pakani utoto wonyezimira ngati siliva.

[Kamera ibwerere kunkhope.]

Tsono apa nditchereni khutu, abale anga. Ena mwandifunsa zosungunula chitsulo pa mbaula, ndipo wina ananena zochotsa mtovu m'batire ya galimoto yakutha. Chonde musayerekeze. Mtovu ndi poizoni wosamveka fungo, umawononga ubongo wa ana pang'onopang'ono. Anzathu a ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mpaka lero akuvutika ndi fumbi la mtovu ngakhale mgodi wake unatsekedwa mu 1994. Malata nawonso ayi, utsi wake umadwalitsa.

Munthu wamkulu wofunitsitsa chitsulo asake pewter (chitsulo chofewa chowoneka ngati siliva) yopanda mtovu, yomwe imasungunuka pa madigiri pafupifupi 230. Agwirire panja, ana ali kutali, atavala magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Chikombole chiume gwa! Kadontho kamodzi ka madzi kamasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kukuthovulirani chitsulo chamoto kumaso. Poto amene mwasungunuliramo asabwererenso kukhitchini.

Dongo lisanaume, lembani COPY kuseri ndi singano, kusonyeza kuti si kakobidi kenikeni. Ku America lamulo la 1973 limakakamiza zimenezi, ndipo ine ndimalemba kuti wina asadzanamizidwe kuti wagula chuma chakale. Makobidi a kwacha ndi tambala musawakhudze n'komwe. Kuwapanga ndi ntchito ya Reserve Bank yokha, wina aliyense ndi mlandu.

Sabata yamawa tiumba makobidi amkuwa a mafumu a ku Kilwa, kugombe la Tanzania, olembedwa m'Chiluya. Sopo wanu asungeni.